Zaka 37 pa Mpando Umodzi

Abale ndi alongo a m'makomboni, inu anchito a m'migodi, a pa njanji ndi a m'mafakitale, inu amene muphika ndi kucapa m'nyumba za mabwana, ndi inu amai a pa msika, cherani makutu.

Pamene anthu a dziko lino anatentha zitupa m'caka ca 1961, masiku aja a Cha Cha Cha, mpfuu yao inali imodzi: munthu mmodzi, voti imodzi. Malamulo a masankho amene Atsamunda anafuna kutipatsa anagawa anthu pawiri, mndandanda wapamwamba wa eni ndalama ndi maphunziro, ndi mndandanda wapansi wa ena ocepa, ndipo anchito ambiri sanali kuwerengedwa konse. Makolo athu anaimenyera voti podziwa kuti munthu wokhala nayo angathe kuika wolamulira pa mpando, ndipo angathenso kumcotsapo. Lero tifuna kunena za mbali yaciwiriyi, ya kucotsa, pakuti ndiyo imene atsogoleri ambiri a mu Africa amaiiwala akangolawa mpando. Citsanzo cathu ciri pafupi, kutsidya kwa Zambezi, kumene a Robert Mugabe analamulira Zimbabwe zaka 37, kuyambira 1980 kufikira 2017.

A Mugabe si mlendo kwa ife. Kuyambira 1955 kufikira 1958 anali kuphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi ya Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka, asanapite ku Ghana. Atabwerera kwao analowa m'nkhondo ya ufulu, ndipo Boma la Azungu a ku Southern Rhodesia linawatsekera m'ndende zaka 10, kuyambira 1964 kufikira 1974. Mwana wao wamwamuna atamwalira ku Ghana m'caka ca 1966, Boma la Ian Smith linawakaniza kupita kumaliro. Pa masankho a February 1980 cipani cao ca ZANU cinatenga mipando 57 mwa mipando 80 ya anthu akuda, ndipo pa 18 April caka comweco dziko linalandira ufulu, iwo nakhala Nduna Yaikulu. M'zaka zoyamba anamanga masukulu ndi zipatala m'midzi imene Atsamunda anaitaya, kotero kuti ana ambiri a anthu osauka anaphunzira. Tayamba ndi zimenezi kuti wina asati tirikunyoza ngwazi. Anabvutikadi cifukwa ca mtundu wao. Colakwa cao cinali kuyesa kuti kubvutikako kunawagulira mpando wa moyo wonse.

Oyamba kulawa mkwapulo anali anzao a m'nkhondo. A Joshua Nkomo ndi cipani ca ZAPU, amene ife tinawasunga kuno, ndi cifukwa ca iwo ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa Chikumbi mu October 1978, anali atatenga mipando 20. M'caka ca 1982 a Nkomo anacotsedwa m'Boma, ndipo kuyambira 1983 gulu la asilikari lochedwa Fifth Brigade, lophunzitsidwa ndi a ku North Korea, linatumidwa ku Matabeleland ndi ku Midlands. Boma linati lirikusaka zigawenga. Zigawenga zinalikodi, koma amene anafa anali anthu wamba a m'midzi, zikwi zambiri, ndipo ena amawerenga kufikira 20,000. Kupha kumeneku amakucha Gukurahundi. Cimaliziro cace cinali pangano la pa 22 December, 1987, pamene ZAPU inamezedwa ndi ZANU-PF, ndipo asanathe masabata awiri a Mugabe anakhala Pulezidenti wa mphamvu zonse.

Cipani cotsutsa cimene cinawagwedeza kwenikweni cinabadwira pakati pa anthu onga inu. Kuyambira 1991 Boma linatsata uphungu wa World Bank ndi IMF. Linaleka kugwira mitengo ya zakudya, mafakitale a ku Bulawayo anayamba kutseka, anthu anacotsedwa nchito, ndipo sukulu ndi cipatala zinayamba kulipiritsa. Inu a ku Migodi muzidziwa zimenezi, pakuti zinakugwerani inunso. Mu December 1997 bungwe la anchito la ZCTU linauza anthu kuti asapite ku nchito, mizinda niima, ndipo mu January 1998 anthu a m'makomboni a Harare anaukira kukwera kwa mtengo wa unga. Mlembi wamkulu wa bungwelo anali a Morgan Tsvangirai, mwana wa mmisiri womanga nyumba, amene anagwira nchito zaka 10 pa mgodi wa ku Bindura. M'caka ca 1999 anchito, ophunzira, a machalichi ndi maloya anayambitsa cipani ca MDC. Mu February 2000 anthu anakana malamulo atsopano a dziko amene Boma linafuna, ndipo mu June caka comweco cipani ca miyezi 9 cabe cinatenga mipando 57 mwa mipando 120 yosankhidwa, ZANU-PF nitenga 62. Mipando yonse ya mu Harare ndi mu Bulawayo inapita kwa otsutsa.

Apa a Mugabe akadatha kunena kuti, ndagwira zaka 20, anthu atopa, ndikonze wondilowa m'malo. Iwo anasankha njira ina, yakuti masankho azicitikabe pa nthawi yace, koma asamathe kusintha kanthu. Penyani bwino m'mene nchito imeneyi imagwiridwira, cifukwa mbala ya mavoti siidikira tsiku la masankho.

Coyamba ndico kufafaniza maina, ndipo apa nkhani yakhudza magazi athu. Kuyambira kale agogo athu a ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, pamodzi ndi a ku Nyasaland ndi a ku Tete, anali kukwera malole a Ulere kupita kukagwira nchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi pa malasha a ku Wankie. Ambiri anachona, nabala ana ndi adzukulu komweko. M'caka ca 2001 Boma linasintha lamulo la unzika. Munthu amene kholo lace linabadwira kunja anayenera kulumbira m'kati mwa miyezi 6 kuti wakana unzika wa dziko la kholo lacelo, ngakhale sanapondeko ndi kale lonse. Anchito a m'mafamu ndi a m'makomboni onga Mbare, osadziwa kolowera m'maofesi, anakhala ndi zitupa zowacha alendo, ndipo voti yao inathera pomwepo. Anthu olankhula Cinyanja monga ife, obadwira ku Zimbabwe, anakhala ngati opanda dziko kufikira malamulo a 2013 atawabwezera unzika.

Caciwiri ndico kucepetsa malo ovotera. Pa masankho a Pulezidenti a March 2002 malo ovotera m'mizinda anacepetsedwa, a m'midzi naonjezedwa. Mu Harare ndi mu Chitungwiza anthu anaima pa mzere usana ndi usiku. Bwalo lalikulu la milandu linalamula kuti kuvota kupitirire tsiku lacitatu, komabe ambiri anabwerera kwao osavota. Analengeza kuti a Mugabe apata mavoti 56 pa 100 ali onse, a Tsvangirai 42. Oweruza awiri a ku South Africa amene anatumidwa kukaona, a Sisi Khampepe ndi a Dikgang Moseneke, analemba kuti masankhowo sanali aufulu ndi acilungamo. Boma la kwao linabisa zolembazo zaka 12, kufikira bwalo la milandu litalamula kuti ziululidwe m'caka ca 2014.

Cacitatu ndico kutseka pakamwa. M'caka ca 2002 anapanga lamulo lochedwa POSA, lopatsa apolisi mphamvu ya kuletsa misonkhano. Lamulo limeneli linali mwana wa lamulo la 1960 limene Azungu anali kumangira nalo omenyera ufulu. Makina osindikizira nyuzipepala ya Daily News anaphulitsidwa ndi bomba mu January 2001, ndipo mu September 2003 nyuzipepalayo inatsekedwa. Wailesi yonse inali m'manja mwa Boma. A Tsvangirai anaimbidwa mlandu wa kufuna kupha Pulezidenti, mlandu woti munthu anyongedwe nao, ndipo bwalo linawapeza osalakwa m'caka ca 2004. Pa 11 March, 2007, apolisi anabalalitsa msonkhano wa mapemphero m'komboni ya Highfield, naombera munthu mmodzi, Gift Tandare, namupha, ndipo a Tsvangirai anaturuka m'citokosi mutu uli wotupa ndi wong'ambika.

Cacinai ndico kulanga komboni. Pa masankho a aphungu a March 2005 mizinda inavoteranso otsutsa. Mu May caka comweco, pakati pa cisanu, apolisi anafika ndi makatapila nagwetsa tinyumba ta kuseri kwa nyumba zazikulu, timasitolo ta m'mbali mwa miseu, malo a akalipentala ndi a osula zitsulo, ndi misika ya amai. Nchitoyi anaicha Murambatsvina, ndiko kuti kukana zonyansa. Boma linati lirikuyeretsa mizinda ndi kucotsa malonda osaloledwa. Mai Anna Tibaijuka a ku Tanzania, amene bungwe la United Nations linawatuma kukafufuza, anawerenga anthu ngati 700,000 amene anataya nyumba, kapena nchito, kapena zonse ziwiri. Inu a ku Kanyama, a ku Chibolya, a ku Chipulukusu, taganizani katapila ali pa khomo panu mwezi wa June, ana ali panja.

Cacisanu ndico kukana zimene anthu anena. Pa 29 March, 2008, kunacitika kanthu katsopano: zotsatira za malo ali onse ovotera zinapacikidwa pa khomo, poti ali yense awerenge ndi kulemba. Cifukwa ca kapepala kameneka kuba kunabvuta. ZANU-PF inataya ucuruki wace m'Nyumba ya Malamulo koyamba ciyambire 1980. Koma zotsatira za Pulezidenti anazisunga masabata 5. Pa 12 April a Levy Mwanawasa, amene anali wapampando wa maiko a SADC, anaitana atsogoleri kuno ku Lusaka kudzakamba za kucedwako, ndipo a Mugabe sanabwera. Pa 2 May ndipo analengeza kuti a Tsvangirai apata 47.9 pa 100, a Mugabe 43.2, motero palibe wapitirira theka, avotenso kaciwiri. M'masabata otsatawo anyamata a cipani ndi asilikari anayenda m'midzi imene inavotera otsutsa, kumenya anthu, kutentha nyumba ndi nkhokwe. Mabungwe oona za ufulu wa anthu anawerenga akufa pafupifupi 200. Pa 22 June a Tsvangirai anaturuka m'mpikisano nathawira ku nyumba ya kazembe wa Netherlands. Pa 27 June a Mugabe anathamanga okha, napata 85 pa 100.

Tsono ndani analipira zonsezi? Nduna sizinagona ndi njala. Ndalama ya dziko inafa, kotero kuti mu January 2009 banki ya Boma inasindikiza pepala limodzi la madola 100,000,000,000,000. Munthu amene anagwira nchito pa njanji zaka 30 anapeza kuti penshoni yace yonse singagule buledi. Malipiro anali kutha mphamvu munthu ali pa mzere wa ku banki. Mipope ya madzi itauma m'makomboni, kolera inabuka mu August 2008, nipha anthu oposa 4,000. Aphunzitsi ndi anamwino, ana omwe aja a masukulu a ufulu, anaoloka Limpopo kukapempha maganyu ku South Africa. Inu eni munawaona amai a ku Zimbabwe pa Livingstone, pa Chirundu ndi m'miseu ya Lusaka, alikugulitsa timaswiti ndi nsaru zoluka kuti agule thumba la unga. Boma limene lidziwa kuti voti singalicotse lilibe cifukwa ca kuopa mtengo wa unga.

Tidziwa kuti alipo abale pakati pathu amene amati a Mugabe anabwezera anthu nthaka yao, anaima molimba pamaso pa Angerezi, ndipo otsutsa anali zidole za Azungu. Mau amenewa tisawataye msanga. Mlandu wa nthaka unali woona. Lamulo la 1930 linapatsa Azungu owerengeka pafupifupi theka la dziko, ndipo pofika 2000 alimi Acizungu ngati 4,000 anali akali ndi minda yabwino koposa. M'caka ca 1997 Boma la Britain linakana kuti liri ndi mangawa a kulipira mtengo wa kugawa nthakayo. Mabanja ambiri osauka analandiradi minda. Koma funsani kuti kulanda mafamu kunayamba liti. Kunayamba masabata ocepa a Mugabe atagonja mu February 2000, atakhala kale pa mpando zaka 20. Mafamu ena abwino anagwera m'manja mwa nduna ndi akulu a asilikari, ndipo anchito a m'mafamu zikwi zambiri, ambiri a iwo adzukulu a machona athu, anatsala opanda nchito, opanda munda ndi opanda voti. Ndipo ngati otsutsa analidi zidole, malo oonetsera zimenezo anali pa bokosi la mavoti. Mai wa ku Mbare amene anaima pa mzere masiku awiri si Mzungu ai.

Sitinenanso kuti otsutsa anali angelo. M'caka ca 2005 cipani ca MDC cinagawanika pakati pamene a Tsvangirai anakana cimene akulu a cipani cao anagwirizana pa voti, ndipo atalowa m'Boma la mgwirizano mu February 2009 ena a iwo anakonda magalimoto koposa anthu amene anawatuma. Cimene tirikucinjiriza ndi mphamvu yanu ya kucotsa munthu, kaya ndi wa cipani citi. Wotsutsa wa lero ndiye wolamulira wa mawa, ndipo nayenso adzafunika kumuopsa ndi voti yomweyo.

Akulu anati, ukakwera pa msana wa njobvu usamati kulibe mame. A Mugabe anapambananso pa 31 July, 2013, ali ndi zaka 89, pa masankho amene otsutsa sanapatsidwa mndandanda wa ovota pa nthawi yace. Koma popeza anali atathyola voti, cowagwiriziza pa mpando cinatsala mfuti yokha. Pa 6 November, 2017, anacotsa waciwiri wao, a Emmerson Mnangagwa. Patapita sabata imodzi asilikari a General Constantino Chiwenga anaturutsa akasinja m'miseu ya Harare, ndipo pa 21 November nkhalamba ya zaka 93 inatula pansi udindo. Inamwalira pa 6 September, 2019, m'cipatala ca ku Singapore, kutali ndi zipatala za kwao. Anthu anabvina m'miseu tsiku limene a Mugabe anagwa, koma amene anawacotsa anali omwe aja anawasunga pa mpando mu 2008, ndipo zipangizo zonse zinatsala m'manja mwao. Pa 1 August, 2018, anthu akudikira zotsatira za masankho, asilikari anaombera mu Harare napha anthu 6. Pa masankho a August 2023 gulu la oyang'anira a SADC, lotsogozedwa ndi a Nevers Mumba a kuno kwathu, linanena kuti zina sizinayenda monga mwa malamulo a dzikolo. Mu October 2024 msonkhano waukulu wa ZANU-PF unagwirizana kuti a Mnangagwa akhalebe kufikira 2030, ngakhale nthawi imene anthu anawasankhira inali ya kutha mu 2028.

Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ife a kuno tisaseke, pakuti nafenso tinayenda njira yomweyi. M'caka ca 1972 cipani ca a Simon Kapwepwe cinaletsedwa, iwo natsekeredwa, ndipo dziko linakhala la cipani cimodzi. Pa masankho a 1973, 1978, 1983 ndi 1988 a Kenneth Kaunda anaima okha, munthu nangofunsidwa kuti inde kapena iai. Zinatha ndi cipolowe ca unga ca June 1990. Cimene cinatipulumutsa ndi ici: pa 31 October, 1991, anthu anavotera a Frederick Chiluba, mtsogoleri wa anchito, ndipo a Kaunda, atalamulira zaka 27, anabvomera napereka mpando. Pa zonse zimene anacitira dziko lino, tsiku limenelo liri pakati pa zazikulu. Koma onani olowa m'malo. M'caka ca 1996 Boma la a Chiluba linasintha malamulo kuti munthu amene makolo ace anabadwira kunja asaime, ndipo a Kaunda, amene makolo ao anacokera ku Nyasaland, anatsekerezedwa. M'caka ca 2001 a Chiluba omwewo anafuna nthawi yacitatu, ndipo anawaletsa ndi machalichi, maloya, ophunzira ndi oyendetsa magalimoto amene anali kuliza mahutala m'miseu. Mu 2017 a Hakainde Hichilema anakhala m'ndende miyezi 4 pa mlandu wa kuukira Boma, ndipo mu 2021 anthu anawasankha, a Edgar Lungu napereka mpando monga anacitira a Rupiah Banda mu 2011. Mwambo uwu ndi cuma, koma ulibe mpanda wina kupatula inu.

Cifukwa cace tikupemphani izi. Lembetsani dzina lanu, ndipo mndandanda wa ovota ukapacikidwa, pitani mukaone ngati dzina lanu ndi la mnansi wanu alipo. Khadi lanu la voti musapatse munthu, angakhale abwere ndi citenje, mowa kapena thumba la unga. Mukavota musafulumire kukagona. Dikirani awerenge, ndipo pepala la zotsatira akalipacika pa khomo, lilembeni. Inu anyamata, wina akakupatsani cikwanje ndi ndalama ya mowa kuti mukabalalitse msonkhano wa cipani cina, kumbukirani kuti amene mukamtema ndi wanchito mnzanu, ndi kuti wokutumaniyo ana ace ali ku sukulu kunja. Mukamva munthu alikunena kuti uje si mwana wa dziko lino cifukwa ca kumene atate wace anabadwira, kapena kuti mtundu wakuti suyenera kulamulira, mufunseni cimene alikuopa. Bungwe lanu la anchito lisakhale m'thumba la cipani ciri conse, pakuti ku Zimbabwe ndi kuno komwe ndi anchito amene anayamba kunena kuti zakwana. Ndipo tsiku limene mtsogoleri amene mumkonda, wa cipani canu, wa kwanu, adzayamba kunena kuti nchito yace siinathe ndipo malamulo asinthidwe kuti aonjezereko zaka, kanani inu poyamba, musadikire a cipani cina.

MKONZI